Alendo a zaka ziwiri: mbiri ya JICA kuchokera ku Tokyo mpaka kwa Kawinga

Munthu akachoka pa Liwonde n'kudutsa Ntaja, kenaka n'kusiya tala kulowera kum'mawa, amafika m'dera la mafumu Kawinga, Chikweo ndi Ngokwe, komwe dziko la Malawi limathera m'bango la nyanja ya Chiuta. Nyanjayi ndi yosaya, ndipo madzi ake sapita ku Shire. Akachuluka amasefukira ku Amaramba, n'kutsika ndi mtsinje wa Lugenda kukathira mu Ruvuma. Tsidya lake ndi Mozambique. Kudera limeneli, chakumapeto kwa zaka za m'ma 1980, kunafika magalimoto okumba mijigo ndi ndalama za boma la Japan, pa ntchito yomwe m'mabuku a boma imatchedwa ya kumpoto kwa Kawinga. Ntchito zonga imeneyi zinadzatsatira ku Mchinji, ku Mzimba, ku Lilongwe ndi ku Dedza. Bungwe lomwe linkayeza malo ndi kuyang'anira zonsezi ndi JICA, lomwe limayendetsa thandizo la Japan kumaiko ena.

Amalawi ambiri dziko la Japan amalidziwira m'galimoto zakale zolowera pa Songwe, ndiponso m'dzina la Be Forward lomwe timu ya Wanderers inavala kwa zaka zingapo. Ndi ochepa amene amadziwa kuti pa maiko onse a pansi pano, palibe lomwe lalandira achinyamata odzipereka a ku Japan ochuluka kuposa Malawi. Chiyambire 1971 abwera oposa 1,800. M'mbiri ya bungwe lawo muli nduna zazikulu za boma, bwanamkubwa wa chigawo, mayi yemwe ankayang'anira othawa kwawo a dziko lonse lapansi, oimba ndi olemba mabuku. Mayina amenewa ngofunika, chifukwa ndiwo ankatsegula zitseko ndi thumba la ndalama. Koma ukafunsa kumudzi kuti chatsala n'chiyani, yankho kawirikawiri limaloza kwa anthu ena, osatchuka.

Thandizo la Japan silinayambe ndi chifundo chokha. Nkhondo itatha mu 1945 dzikolo linali phulusa, ndipo nalo linakhala wopempha. Njanji ya sitima yothamanga ya pakati pa Tokyo ndi Osaka, yomwe inatsegulidwa mu 1964, inamangidwa mwa zina ndi ngongole ya World Bank, ndipo Japan inamaliza kubweza ngongole za bankiyo mu 1990. Pa 6 Okutobala 1954 dzikolo linalowa mu mgwirizano wa Colombo Plan, n'kuyamba kutumiza akatswiri kunja ndi kulandira anthu odzaphunzira luso. Nthawi yomweyo linkalipira chipukutamisozi ku Burma, Philippines ndi Indonesia, maiko omwe asilikali ake anawasakaza. Malipirowo sankapita ngati ndalama zowerenga pamanja. Ankapita ngati makina, madamu ndi mafakitale omangidwa ndi makampani a ku Japan komweko. Motero thandizo ndi malonda zinabadwa tsiku limodzi, ndipo mpaka lero sizinasiyane kwenikweni.

Mu 1961 John F. Kennedy anakhazikitsa Peace Corps ku America. Ku Tokyo kunali kale anthu omwe ankalota zofanana, makamaka Ichiro Suetsugu, msilikali wakale yemwe ankatsogolera magulu a achinyamata. Anapeza makutu mwa aphungu achichepere a chipani cholamula cha LDP, ena mwa iwo Noboru Takeshita, Sosuke Uno ndi Toshiki Kaifu. Chodabwitsa n'chakuti atatuwa anadzakhala nduna zazikulu za Japan motsatizana, kuyambira 1987 mpaka 1991. Kaifu, yemwe analowa m'nyumba ya malamulo mu 1960 ali ndi zaka 29 ndipo ankadziwika ndi mataye a madontho-madontho, anapita ku Africa kukaona ngati mnyamata wa ku Japan angathe kukhalako. Zolinga za akuluakuluwo zinali zosakanikirana. Ena ankafuna kuyeretsa dzina la dziko lawo ku Asia. Ena ankafuna misika. Ena, pokumbukira zionetsero zazikulu za ophunzira za mu 1960, ankaona kuti zaka ziwiri za kuvutika kumudzi wa eni zingawongole achinyamata. Chomwe anagwirizana n'chakuti wopita kunja akhale ndi luso la manja lenileni, asakhale wongodziwa kuyankhula.

Gulu la achinyamata odzipereka, lodziwika ndi zilembo zoti JOCV, linakhazikitsidwa mu Epulo 1965, ndipo mu Disembala chaka chomwecho asanu oyamba ananyamuka kupita ku Laos. Ku Africa anayambira ku Kenya mu 1966. Akihito, yemwe nthawiyo anali mwana wa mfumu woyembekezera mpando, ankakumana ndi achinyamatawo asananyamuke, ndipo iye ndi mkazi wake Michiko anapitiriza mwambowu atalowa ufumu. Kwa Mjapani wamba limeneli silinali dalitso laling'ono.

Ku Malawi anafika mu 1971, chaka chomwe Kamuzu Banda anakhala pulezidenti wamuyaya, ndiponso m'nyengo yomwe a Peace Corps anachoka m'dziko muno boma litatopa nawo. Achimerekawo anali ndi pakamwa. Paul Theroux, yemwe pambuyo pake anatchuka ndi mabuku, anathamangitsidwa mu 1965 atalowerera nkhani za nduna zomwe zinayambana ndi Kamuzu. Jack Allison, yemwe ankagwira ntchito za umoyo ku Nsiyaludzu kufupi ndi Balaka, anapeka nyimbo ya Chichewa yotchedwa Ufa wa Mtedza yolimbikitsa amayi kutsira nsinjiro m'phala la ana, ndipo inamveka pa wailesi kwa nthawi yaitali. Mlendo wotchuka chotere sankakondweretsa boma la nthawiyo. Ajapani anali a mtundu wina. Chingerezi chawo chinali chotsimphina, ndale sankazikhudza, ndipo lamulo la kavalidwe la 1973, loletsa amayi kuvala thalauza ndi masiketi aafupi, silinawavute kutsatira. Anali amakaniko, oyeza malo, anamwino, azamba, okonza matelefoni, aphunzitsi a masamu ndi sayansi. Dziko linali litangolandira ufulu, anthu ophunzira anali owerengeka, ndipo Ajapaniwo ankalowa m'mipando yomwe inalibe eni.

Pamenepa pali funso lomwe lakhala likutsata bungweli. Kodi mnyamata wobwera kudzaphunzitsa masamu pa sekondale kwa zaka ziwiri, n'kulowedwa m'malo ndi mnzake, kenaka winanso, akumanga kanthu kapena akungotseka dzenje lomwe boma likanayenera kukwirira lokha? Ine ndimaona kuti zonse ziwiri n'zoona. Koma mwana wa folomu 4 amene wapeza mphunzitsi wa fizikisi chaka chake cha mayeso alibe nthawi yodikira kuti boma likonze zinthu.

JICA yeniyeniyo inabadwa mu Ogasiti 1974, pamene boma linaphatikiza bungwe loona za luso la kunja, lomwe linalipo kuyambira 1962, ndi bungwe loona za Ajapani osamukira kumaiko ena. Lachiwirili ntchito yake inali yotumiza mabanja osauka a ku Japan kukalima ku Brazil, Paraguay, Bolivia ndi Dominican Republic, ena mwa iwo kukapatsidwa minda ya miyala. Ndi bwino kukumbukira kuti bungwe lomwe lero limatiphunzitsa chitukuko lili ndi muzu wake umodzi mu theba ya anthu ake omwe. Chuma cha Japan chitakula, thumba nalo linakula, moti kuyambira 1991 mpaka 2000 palibe dziko lomwe linkapereka thandizo loposa Japan. Kwathu kuno ngongole ya Japan inathandiza kumanga bwalo la ndege la Kamuzu ku Lumbadzi lomwe linatsegulidwa mu 1983. Kenaka kunabwera sikimu ya mpunga ya Bwanje ya mahekitala 800, mlatho wa pa Shire ku Mangochi, milatho ya mumsewu wa Balaka ndi Salima, msewu wa Chipembere mu Blantyre, ndi makina a magetsi a Tedzani IV omwe anayamba kugwira ntchito mu 2021. Ofesi ya kazembe wa Japan inatsegulidwa ku Lilongwe mu 2008, patatha zaka 37 achinyamata aja atayamba kale kudya nsima m'midzi.

Wachinyamatayo asanabwere amakhala pafupifupi masiku 70 pa malo ophunzitsira a Komagane m'mapiri a Nagano, kapena a Nihonmatsu ku Fukushima, kuphunzira chiyankhulo ndi kulandira katemera. Akafika kuno amapatsidwa nyumba ya mphunzitsi kapena ya mlangizi. Sabata zoyamba ana amamuthamangira akufuula kuti "Mchaina!", ena akumuonetsa za karate zomwe anaonera m'nyumba za vidiyo. Amapsa zala ndi nsima, amadabwa kuti msonkhano wa 8 koloko ukuyamba dzuwa lili paliwombo, amaphunzira kuti pamaliro supita chimanjamanja ndipo sudutsa uli panjinga. Kwa Kawinga kapena ku Ntaja amazindikiranso kuti Chichewa chomwe waloweza sichikwanira, poti agogo akumulonjera m'Chiyao kapena m'Chilomwe. Pofika chaka chachiwiri sakhalanso Mchaina. Amakhala "aphunzitsi", kapena "achemwali a ku chipatala", ndipo ndi nthawi yomweyo, atangoyamba kumva zomwe anthu akutanthauza akati "tiona", imene amalongedza katundu. Akuluakulu anati mlendo ndi mame. Kufooka kwa dongosololi kuli pomwepo, ndipo bungwe silinakupezere mankhwala.

Munthu wa ku Japan yemwe moyo wake unakhudza anthu a m'mbali mwa Chiuta kuposa wina aliyense ndi mayi Sadako Ogata, ngakhale ambiri mwa anthuwo sanamve dzina lake. Nkhondo ya pakati pa Frelimo ndi Renamo itakula mu 1986, anthu a ku Mozambique anakhamukira kuno mpaka anaposa 1 miliyoni, pa nthawi yomwe Amalawi eniake anali pafupifupi 8 miliyoni. Malire a ku Machinga ndi ongodutsa pa bwato kapena wapansi, ndipo mbali zonse ziwiri kuli Ayao ndi Alomwe, ena apachibale. Njanji yodzera pa Nayuchi kupita ku Nacala, yomwe inatsegulidwa mu 1970, inafa chifukwa cha nkhondoyo. Mu 1987 Tetsuko Kuroyanagi, mayi wotchuka kwambiri pa kanema ku Japan, mlembi wa buku la Totto-chan komanso kazembe wa UNICEF kuyambira 1984, anapita ku Mozambique, ndipo zomwe anajambula kumeneko zinaonetsa Ajapani ambiri nkhondo yomwe sankaidziwa.

Ogata anabadwa mu 1927 m'banja la andale. Agogo a mayi ake, Tsuyoshi Inukai, anali nduna yaikulu, ndipo anaphedwa ndi asilikali achinyamata pa 15 Meyi 1932, sabata yomwe Charlie Chaplin anali mlendo ku Tokyo. Mdzukuluyo anakula n'kuphunzira za momwe dziko lake linagwera m'manja mwa asilikali, nakhala mphunzitsi wa pa yunivesite. Mu 1991, ali ndi zaka 63, anayamba kutsogolera bungwe loona za othawa kwawo la UNHCR, mayi woyamba pa udindowo. Dziko lapansi limamukumbukira atavala chovala choteteza ku zipolopolo ku Sarajevo, komanso pa mavuto a Akurdi ndi a ku Rwanda. Kuno kwathu ntchito yake inali yosamveka phokoso. Mgwirizano wa mtendere utasainidwa ku Rome pa 4 Okutobala 1992, anthu pafupifupi 1.7 miliyoni anabwerera ku Mozambique kuchokera m'maiko 6, ochuluka mwa iwo kuchokera ku Malawi. Ambiri anangonyamula mitolo n'kuyenda okha osadikira galimoto, ndipo bungwe la Ogata linaika mphamvu pokonza misewu, zitsime, sukulu ndi zipatala kumene ankabwererako kuti asatembenukenso. Pofika 1995 ntchitoyo inali itatha.

Mu Okutobala 2003 JICA inasinthidwa kukhala bungwe loima palokha, ndipo Ogata anaikidwa kukhala mtsogoleri wake ali ndi zaka 76. Anapeza bungwe la anthu okonda mapepala, lomwe chilichonse chinkayenera kuvomerezedwa ku Tokyo. Iye anatulutsa antchito ambiri kupita nawo m'maofesi a kumaiko, nawonjezera gawo la Africa. Mu 2008 nthambi yopereka ngongole inaphatikizidwa ku JICA, bungwelo n'kukhala limodzi mwa akuluakulu a mtundu wake padziko. Anapuma mu 2012 ndipo anamwalira mu 2019.

Chaka chomwe Ogata ankalowa mu ofesi, mwana wa ku Machinga, Bakili Muluzi wa kwa Kapoloma, anali ku Japan pa msonkhano wachitatu wa TICAD, womwe Japan inayambitsa mu 1993 kuti izikumana ndi atsogoleri a mu Africa. Paulendowo anakaona chigawo cha Oita, komwe bwanamkubwa Morihiko Hiramatsu anayambitsa mu 1979 mfundo yoti mudzi uliwonse usankhe chinthu chimodzi chomwe ungachipange bwino koposa onse. Hiramatsu anatengera nzeruyi ku tauni ya m'mapiri ya Oyama, komwe alimi, ataona kuti mpunga wa m'minda yawo yopapatiza suwapindulira, anabzala mitengo ya zipatso ndi mtedza wa m'mitengo ngakhale boma linkawauza zina. Bwanamkubwayo sankagawa ndalama. Ankanyamula yekha bowa wa shiitake, timandimu ta kabosu ndi kachasu wa balere kupita nazo ku Tokyo kukatsatsa, ndipo anatsegula masukulu a madzulo osula atsogoleri a m'midzi. Muluzi anabwera atatengeka mtima, ndipo chakumapeto kwa 2003 Malawi inakhazikitsa mfundoyo pa dzina la OVOP, dziko loyamba mu Africa kutero. JICA inayamba kuthandiza ofesi yake mu 2005.

Panatuluka zinthu zooneka: mafuta a malambe, uchi wa m'mabotolo, jamu, mpunga wa m'mapaketi, ndipo achinyamata a JOCV anathandiza magulu kulemba mabuku a ndalama ndi kukonza zolemba za pa paketi. Koma mbewuyo inamera mosiyana ndi kwawo. Ku Oita anthu ankayamba okha, boma n'kubwera pambuyo. Kuno chinthucho chinatsika kuchokera ku nyumba ya boma chisankho cha 2004 chili pafupi, ndipo anthu anachimva ngati ngongole ya makina. Magulu ena anapangidwa kuti alandire chigayo kapena makina oyengera mafuta, makinawo n'kukaikidwa pomwe magetsi sanafike, kapena katundu n'kulephera kulowa m'masitolo akuluakulu posowa chiphaso cha bungwe loona za miyezo. Hiramatsu, yemwe anamwalira mu 2016, ankanena mobwerezabwereza kuti cholinga chake chinali kusula anthu. Ife tinaona makina.

Dzina la Mjapani lomwe linalowa m'nyumba za Amalawi popanda nduna kapena kazembe ndi la Kohei Yamada. Iyeyu anali mmodzi mwa achinyamata a JOCV, wogwira ntchito za chitukuko cha kumidzi m'chigawo cha kumpoto. Inali nthawi yomwe Edzi inkatha anthu, mankhwala otalikitsa moyo anali atangoyamba kuperekedwa ulere mu 2004, ndipo anthu ankaopa kukayezetsa magazi kuposa matendawo. Mu 2005 Yamada, mothandizana ndi woimba Mlaka Maliro, anatulutsa nyimbo ya Chichewa yotchedwa Ndimakukonda. Nkhani yake ndi ya mnyamata yemwe wapezeka ndi kachirombo, n'kuuza bwenzi lake kuti limusiye, bwenzilo n'kukana. Anthu poyamba ankaimvera kuti aseke Chichewa cha mlendo, koma nyimboyo inakwera mpaka pamwamba, ndipo chaka chotsatira inatulukanso ku Japan. Zikwangwani za nthawi imeneyo zinkaopseza ndi imfa. Nyimboyi inakamba za chomwe mnyamata ankaopadi, kusiyidwa. Patatha zaka zoposa 30 chichokere Jack Allison, mlendo wina anatulukiranso kuti uthenga wa zaumoyo umayenda bwino pa wailesi ukakhala ndi gitala, ndipo ulendo uno panalibe womuthamangitsa.

Otchuka enieni a ku Japan nawo akhala akubwera. Woimba MISIA, yemwe anaimba nyimbo ya fuko lawo potsegulira masewera a Olympics ku Tokyo mu 2021, anafika ku Malawi mu 2008 ndipo atabwerera anasonkhetsa ndalama zogulira masikito. Naoko Takahashi, yemwe anapata golide pa mpikisano wothamanga mtunda wautali ku Sydney mu 2000, ndi Tsuyoshi Kitazawa wa mpira, akhala akuyenda m'maiko m'dzina la JICA. Maulendo oterewa amatenga masiku ochepa, ndipo kunena zoona omvera ake sali kuno. Ali ku Japan, kwa okhoma msonkho omwe amafunsa chifukwa chomwe ndalama zawo zikupitira ku Africa pamene chuma chawo chakhala chikudwala kuyambira m'ma 1990. Palinso ena omwe anayamba ndi kudzipereka kutchuka n'kubwera pambuyo. Kanae Minato, yemwe buku lake la Confessions la mu 2008 linagulidwa mamiliyoni n'kusanduka filimu, anakhalapo zaka ziwiri ku Tonga akuphunzitsa za pakhomo ngati wa JOCV.

Ntchito za JICA zomwe ine ndimazilemekeza kwambiri ndi zomwe zilibe mwala wa chikumbutso. M'zaka za m'ma 2000 akatswiri ake anayenda ndi alangizi a zaulimi kuphunzitsa anthu kutchinga timitsinje ndi mitengo, udzu ndi dothi, n'kukumba ngalande ndi makasu kuti madzi ayende okha kupita kudimba. Mvula ikabwera chotchingacho chimakokoloka, chilimwe chikafika anthu amamanganso, osapempha simenti kwa munthu. Yerekezani ndi ku Bwanje, komwe madzi osefukira a mtsinje wa Namikokwe anaononga zomangamanga patangopita zaka zochepa, mpaka Japan inaperekanso ndalama zina zokonzera. Ku Domasi bungweli linathandiza malo ofufuza za ulimi wa nsomba, kuyesa kuweta makumba ndi chilunguni m'maiwe, komanso maphunziro a aphunzitsi a masamu ndi sayansi. Ku Balaka, pamodzi ndi Blantyre, Mwanza ndi Neno, ntchito ya COVAMS kuyambira 2013 inkaphunzitsa mudzi wonse, osasankha, kulima mizere yotsata akalozera, kutseka zigwembe ndi kufesa mitengo, kuti dothi lisamathere mu Shire n'kukatseka makina a ku Nkula.

Komabe chitsanzo chomveka bwino cha zomwe Hiramatsu ankalalikira chinachitika pa Chiuta popanda Mjapani kapena mzungu. Kuyambira m'ma 1980 asodzi ochokera ku Chilwa ndi ku Malombe anabwera ndi makoka a nkacha a maso ang'onoang'ono. Ankakokolola ndi ana a nsomba omwe, kuvundula madzi omwe anthu ankamwa, kuononga miono ndi matchera a eni dera, ndi kugwetsa mitengo ya nsomba pa doko. Mafumu ena ankalandira kangachepe kwa alendowo n'kukhala chete. Asodzi a pa Chiuta atamva pa wailesi za makomiti a m'madoko omwe boma linayambitsa ku Malombe mu 1993, anapanga awo osadikira kuuzidwa, ndipo mu 1995 anathamangitsa a nkacha. Ku Malombe, komwe makomiti anabwera ndi ndalama za mabungwe ndi malipiro a pamsonkhano, zinthu zinavuta. A pa Chiuta, omwe sanalandire kanthu poyamba, ndiwo akatswiri a za usodzi amawatchula mpaka lero ngati chitsanzo. Vuto lomwe linawatsalira ndi la tsidya lija, poti malamulo a ku Mozambique anali ena pamene nsomba ndi zomwezo.

Tsidya lomwelo ndi komwe JICA inapunthwa koposa. Mu 2009 Japan, Brazil ndi Mozambique anagwirizana za ntchito yotchedwa ProSAVANA, yofuna kusintha ulimi m'maboma 19 a m'mbali mwa njanji ya Nacala, kuphatikizapo Cuamba, Mandimba ndi Mecanhelas, oyandikana ndi Machinga ndi Mangochi. Chitsanzo chake chinali dera la Cerrado ku Brazil, lomwe Japan inathandiza kusandutsa minda ikuluikulu ya soya kuyambira m'ma 1970. Kungoti dera la Nacala si tchire lopanda anthu. Alimi ang'onoang'ono, kudzera m'bungwe lawo la UNAC, anati sanafunsidwe ndipo akuopa kulandidwa minda. Mu 2013 analemba kalata kwa atsogoleri a maiko atatuwo, ena anakafika mpaka ku Tokyo, ndipo mabungwe ndi aphungu ena a ku Japan anawaikira kumbuyo. Shinzo Abe anafika ku Maputo mu Januwale 2014 ndi malonjezo a ndalama zambiri za chigawocho, panthawi yomwe kampani ya Mitsui inkayang'ana malasha a ku Moatize ndi njanji yomwe imadutsa pa Nkaya, Liwonde ndi Nayuchi. JICA inkanena kuti cholinga chake ndi mlimi wamng'ono, ndipo inalembanso mapulani ake kangapo, koma chikhulupiriro chinali chitatha. Mu Julayi 2020 ntchitoyo inatsekedwa. Bungwe lomwe wachinyamata wake wodzipereka wa zaka 25 amadziwa kuti sungakhome chikhomo m'munda usanaonane ndi a mfumu ndi eni mbumba linaiwala zimenezi litafika pa mahekitala mamiliyoni.

Chaka chomwecho cha 2020, m'mwezi wa Malichi, mliri wa Covid-19 unachititsa kuti achinyamata onse a JOCV padziko lonse aitanidwe kwawo, koyamba chiyambire. Ena anachoka osatsanzika ana awo a sukulu. Chikondwerero cha zaka 50 ku Malawi mu 2021 chinapeza ochepa okha atabwerera, ndipo chiwerengero chakhala chikukwera pang'onopang'ono. Ku Japan nako achinyamata akuchepa chaka ndi chaka, ndalama yawo ya yen yafooka, ndipo ofuna kusiya ntchito kwa zaka ziwiri sachuluka ngati kale, ngakhale gululi linalandira mphoto ya Ramon Magsaysay mu 2016.

Mu Ogasiti 2025, pa msonkhano wa TICAD ku Yokohama, JICA inalengeza kuti mizinda inayi ya ku Japan ikhala pa ubale wapadera ndi maiko anayi a mu Africa: Imabari ndi Mozambique, Nagai ndi Tanzania, Sanjo ndi Ghana, Kisarazu ndi Nigeria. Cholinga chinali kuchezerana ndi kusinthana luso. Koma pa intaneti panabuka mphekesera yoti anthu akuda akubwera kudzakhazikika m'mizindayo, boma la Nigeria nalo litalengeza molakwitsa za chiphaso chapadera cholowera ku Japan. Maofesi a mizinda inayiyo anasefukira ndi mafoni a anthu okwiya, ndipo ena anakachita zionetsero pa likulu la JICA ku Tokyo kufuna kuti bungwelo lithetsedwe. Boma linatsutsa mphekeserayo kangapo koma sizinathandize. Pa 25 Seputembala mtsogoleri wa JICA, Akihiko Tanaka, analengeza kuti ganizolo lachotsedwa. Chinali chaka chomwe gulu la achinyamata odzipereka linkakwanitsa zaka 60 likutumiza ana a Ajapani kukakhala m'midzi ya eni.